Tsabola Wakale ndi Nyenyezi Yofiira

Achinyamata akafuna kutitseka pakamwa ife a imvi amati tsabola wakale sawawa. Akamakamba za nyumba zakale za pakati pa mzinda wa Blantyre amanenanso chimodzimodzi: gwetsani, timange zosanjikizana.

Kumanga sindikukana ayi. Mzinda umene unayamba ndi mishoni ya anthu a ku Scotland mu 1876 sungakhale mmene unalili nthawi imeneyo. Kamuzu yemwe ankalamula kuti nyumba zonyansa azizilemba nyenyezi yofiira, eni ake akonze, apo ayi zigwe, ndipo khonsolo inadzautsanso ndondomeko imeneyi. Komatu chakomachakoma pusi anagwa chagada. Utoto wofiirawo umaona ming'alu yokha, mbiri ya nyumba suidziwa.

Ena amati, tisungirenji nyumba za atsamunda? Ana inu, pitani mukaone tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission. David Clement Scott, amene anatsogolera ntchito yomanga kuyambira 1888 mpaka 1891, sanaphunzire zomangamanga. Oponda dothi, oumba njerwa, ozitentha ndi kuzisanja anali makolo athu. Thukuta lili m'makoma amenewo ndi lathu, ndiye wowagwetsa akufafaniza ntchito ya agogo ake.

Nanga zina zimafikira bwanji pokhala mabwinja? Mvula ikaona litsiro sikata. Nyumba ikatsekedwa, lata limodzi limayamba kudontha, chiswe n'kulowa m'mitengo ya denga, mwini wake n'kumati tidzakonza chaka chamawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pofika tsiku lolemba nyenyezi, nyumbayo imakhala itafa kale, ogwetsa amangobwera kudzaika maliro.

Taonani Mandala House, ya 1882, yomangidwa ndi kampani ya African Lakes. Ilipo mpaka lero chifukwa simuchoka anthu: pansi amamwa khofi ndi kugula zojambula, pamwamba a Society of Malawi amasunga mabuku ndi zithunzi zakale. Tchalitchi chija nachonso Akhristu a CCAP akupempheramobe. Polowa anthu tsiku ndi tsiku, podontha pamaoneka msanga.

Tsono inu a khonsolo, musanatume mnyamata ndi chitini cha utoto, yambani mwayenda ndi akuluakulu mu Victoria Avenue, akuuzeni nyumba zoyenera kutsala. Zimenezo muzipezere ntchito, kaya sitolo, ofesi kapena sukulu, ndipo muwapeputsire eni ake msonkho kuti azikonza. Zinazo gwetsani, ife sitilira.