Ngati Onse Awiri Sakukondweretsani, Muponye Voti kwa Yani?

Tayerekezani kuti tsiku la masankho lafika. Mwaima pa mzere kuyambira mbandakuca, ndipo tsopano muli nokha m'kacipinda kobisika, pepala liri m'manja. Papepalapo pali maina a anthu awiri amene ali ndi mwai wopambana. Wina mukumuona kuti ndi wouma mtima. Winayo mukumuona kuti ndi wolekerera zinthu. Nkhani imene mukuwaweruzira ndi imodzi: kodi dziko licite nao ciani anthu amene analowa kapena kukhala m'dzikomo popanda mapepala? Kodi muconga dzina la yani? Kapena mupinda pepalalo ndi kubwerera kunyumba?

Funso limeneli lasautsa anthu ambiri a ku United States of America pa masankho a pulezidenti kuyambira 2008 kufikira 2024. Tiyeni tione mmene zinayendera kumeneko, cifukwa phunziro lace likhudza wina aliyense amene ali ndi khadi loponyera voti.

Malonjezo amene sanakwaniritsidwe

Malire a America ndi Mexico ndi otalika makilomita oposa 3,100. M'caka ca 1986 Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo limene linali ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba unali wakuti anthu opanda mapepala amene anakhalitsa m'dzikomo apatsidwe cilolezo, ndipo anthu pafupi-fupi 2.7 miliyoni anacilandira. Mwendo waciwiri unali wakuti bwana wolemba nchito munthu amene akudziwa kuti alibe cilolezo azilangidwa. Mwendo woyamba unayenda, koma waciwiri unatsimphina, pakuti mapepala onyenga anali osabvuta kugula ndipo mabwana amene analangidwa anali ocepa. Pofika 2007 anthu opanda mapepala anali pafupi-fupi 12 miliyoni. Bungwe la Pew Research Center linawerengera kuti mu 2023 anafika 14 miliyoni. Kumbukirani kuti kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni m'Zambia monse.

Mu 2007 Pulezidenti George W. Bush anacirikiza bilu yofuna kulimbitsa malire ndi kutsegulira anthu amene analimo kale njira yopezera mapepala. Biluyo inafera m'nyumba ya malamulo ya Senate. Caka cotsatira John McCain ndi Barack Obama anapikisana pa mpando wa pulezidenti. Onse awiri anali atacirikizapo zopatsa anthuwa mapepala, motero nzika zofuna malamulo okhwima zinasowa munthu wao papepala.

Obama analonjeza kubweretsa lamulo latsopano m'caka cace coyamba, koma sizinacitike. M'caka ca 2012 cokha boma lace linabweza kwao anthu pafupi-fupi 400,000, ngakhale kuti m'caka comweco linateteza acinyamata amene anabwera nao makolo ao akali ana. Wopikisana naye, Mitt Romney, anati njira yabwino ndiyo kuumitsa moyo wa anthu opanda mapepala kufikira atanyamuka okha. Tsopano amene anasowa munthu wao anali aja ofuna cifundo. Mu 2013 Senate inabvomereza bilu ina ndi mavoti 68 kwa 32, koma nyumba inayo, House of Representatives, sinaiponyere n'komwe voti.

Donald Trump anapambana mu 2016 atalonjeza kumanga cipupa pa malire, cimene anati Mexico adzalipira. Mexico sanalipire. Mu 2018 ana oposa 2,000 analekanitsidwa ndi makolo ao pa malire m'milungu yowerengeka cabe, ndipo ngakhale ena amene anamuvotera anacita manyazi. M'nthawi ya Joe Biden zinthu zinapendekera mbali ina: mu December 2023 mokha alonda a malire anagwira anthu pafupi-fupi 250,000 akuoloka kucokera ku Mexico. Mu February 2024 bilu imene aphungu a zipani zonse ziwiri analembera pamodzi inagwa Trump ataitsutsa. Pa masankho a caka cimeneco Kamala Harris analonjeza kuukitsa biluyo, pamene Trump analonjeza kupitikitsa anthu ambiri koposa kale lonse, ndipo anapambana.

Mukaona mndandanda umenewu, simungadabwe kuti oponya voti anatopa. Kukhumudwa kwao kunali ndi cifukwa. Koma kukhala ndi cifukwa cokhumudwira sikutiuza cimene tiyenera kucita.

Zinthu ziwiri zabwino

Bvuto la nkhaniyi ndi lakuti mbali zonse ziwiri zikuteteza cinthu cabwino. Amene afuna malamulo okhwima sali onse anthu a cidani. Dziko liri ngati mudzi: mlendo akafika amayamba waonekera kwa mfumu asanapatsidwe malo. Pali anthu amene anadikira zaka zambiri, kulipira ndalama ndi kudzaza mapepala kuti alowe mwa lamulo. Iwo ali ndi ufulu wofunsa cifukwa cace wodumpha mzere alandira zofanana nao. Ndiponso pamene malire asokonezeka, amene amalemera ndi ozembetsa anthu. Mu June 2022 anthu 53 anafa ndi kutentha m'lole yotsekedwa ku San Antonio, m'cigawo ca Texas.

Amene afuna cifundo naonso sali onse anthu osasamala za lamulo. Iwo amaona mai amene wakhala m'dzikomo zaka 20, wagwira nchito, wabala ana amene ali nzika, ndipo amafunsa ngati kuphwasula banja lace ndico cilango coyenerana ndi mlandu wosowa pepala. Amakumbukira kuti munthu sasiya manda a makolo ace popanda cimene cikumuthamangitsa, kaya ndi njala, nkhondo kapena zigawenga.

Munthu wamba amafuna zonse ziwiri, dongosolo ndi cifundo. Koma pa nthawi ya kampeni zinthu ziwirizi zimagulitsidwa m'masitolo osiyana. Wandale amadziwa kuti mantha ndi mkwiyo zimadzaza bwalo msanga koposa mau ofatsa. Amadziwanso kuti bvuto likatha, nyimbo yace ya pa msonkhano yathanso. Cifukwa cace woponya voti amacoka pa msonkhano uliwonse ali ndi theka la zimene mtima wace ukufuna.

Yambani mwadziyesa nokha

Musanaloze cala andale, pali funso lowawa limene woponya voti ayenera kudzifunsa. Kafukufuku wa boma la America wa zaka za 2020 mpaka 2022 anapeza kuti mwa anchito 10 alionse olembedwa m'minda ya mbeu, pafupi-fupi 4 analibe cilolezo cogwira nchito. Ambiri enanso amamanga nyumba, amatsuka mbale m'mahotela ndi kusamalira nkhalamba. Tsono munthu amene amakondwera kugula zipatso zochipa, koma nafuna kuti wothyola zipatsozo apitikitsidwe mawa, akupempha ciani kweni-kweni? Akufuna manja a mlendo koma nkhope yace safuna kuiona. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Mbali inayo irinso ndi funso lace. Munthu wolemera amene akhala kutali ndi malire, amene ana ace sapikisana ndi wina aliyense pa nchito ya malipiro ocepa, sabvutika kulalikira cifundo. Mtolo wace amasenza ndi mmphawi wa m'tauni imene mwafika alendo zikwi-zikwi mwadzidzidzi, kumene sukulu ndi cipatala zadzaza. Cifundo cimene mtengo wace alipira ndi munthu wina ndi copepuka.

Nthawi zina tsono timakwiyira opikisana cifukwa alephera kutipatsa cinthu cimene kulibe: malire otsekeka popanda wolira, kapena khomo lotseguka popanda wolipira. Kukhumudwa kotero sikucokera kwa andale okha. Iwo amatiuza zimene aona kuti makutu athu akufuna.

Kodi kukhala kunyumba ndi kusamba m'manja?

Pa masankho a 2024 ku America, munthu mmodzi mwa atatu alionse oyenera kuponya voti sanapite. Zifukwa zao zinali zosiyana-siyana, koma maganizo a munthu wokhumudwa timawadziwa. Iye amati: ndikavotera wouma mtima, misozi ya ana olekanitsidwa ndi makolo idzakhala pamutu panga, ndikavotera wolekerera, ndikudyetsa ozembetsa anthu, kuli bwino ndikhale pansi, manja anga akhale oyera.

Maganizo amenewa si opusa, ndipo tisawaseke. Munthu wa cikumbumtima amaopa kuika dzanja lace pa coipa. Koma taganizirani mlimi amene wapeza mitundu iwiri yokha ya mbeu m'sitolo, yonse yosamkondweretsa. Akanena kuti caka cino sabzala, mvula siimudikira, ndipo munda sukhala wopanda comera. Umamera udzu. Mpando wa pulezidenti naonso sukhala wopanda munthu cifukwa inu mwanyanyala. Wina adzakhalapo, wosankhidwa ndi anthu amene sanadzibvute kuganiza monga inu.

Pali cinanso cimene cimalemeretsa nkhani iyi koposa nkhani za misonkho kapena miseu. Munthu amene moyo wace wonse wadalira zotsatira za masankhowo alibe voti. Wopanda mapepala sangalowe m'kacipinda kaja. Nzika ndiyo igwira colembera m'malo mwace, monganso m'malo mwa mnansi wosauka amene nchito yace iri pangozi. Mukakhala kunyumba, inu mudzagona mwamtendere, koma iwo adzadzuka m'dziko limene ena awasankhira. Manja oyera otere amathandiza mwini wace yekha.

Tsono wokhumudwa acite ciani? Coyamba, asayembekezere munthu wopanda banga. Voti sitanthauza kuti mwabvomereza zonse zimene munthuyo wanena; itanthauza kuti mwayesa zoipa ndi zabwino za onse awiri, ndipo mwaona kumene anthu adzapwetekedwa pang'ono. Caciwiri, ayang'ane nchito koposa mau. Kodi munthuyu anacita ciani pamene anali ndi mphamvu? Kodi akunena za alendo monga anthu amene aphwanya lamulo, kapena monga zirombo? Wocha anthu anzace zirombo wakuuzani kale mmene adzawagwirira. Kodi winayo akubvomereza kuti bvuto liripo, kapena akubisa mutu? Cacitatu, akumbukire kuti pulezidenti sapanga malamulo yekha. Mabilu a 2007, 2013 ndi 2024 onse anafera m'nyumba ya malamulo. Ku America mipando yonse 435 ya House of Representatives imapikisanidwa zaka ziwiri zirizonse, ndipo wokhala kunyumba cifukwa conyansidwa ndi maina awiri apamwamba amatayanso mwai wosankha aphungu amene ali ndi mfungulo ya lamulo.

Ngati cikumbumtima canu cakana ndithu onse awiri, pitanibe. Congani wopikisana wamng'ono amene mumkhulupirira, ndipo musankhe aphungu mosamala. Voti yotero imawerengedwa ndipo andale amaiona. Koma wokhala kunyumba sadziwika ngati wakwiya, wadwala kapena wagona.

Nanga ife kuno kwathu?

Mwina mukuti izi ndi za kutsidya kwa nyanja. Koma mu December 2022 apolisi anapeza mitembo 27 ya amuna, oganiziridwa kuti anali ocokera ku Ethiopia, itatayidwa m'mbali mwa mseu ku Ngwerere, pafupi ndi Lusaka. Njira ya ozembetsa anthu yopita ku South Africa imadutsa pakhomo pathu. Ndipo pakati pa anthu amene amakhala ku Johannesburg masiku a pa pasipoti atatha kale, muli abale athu a m'maiko ano olankhula cinenero cathu. Ife ndife eni mudzi kwa ena, ndiponso alendo kwa ena. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Za kunyanyala masankho nazo tikuzidziwa. Pa masankho a pulezidenti a January 2015, anthu 32 okha mwa 100 alionse olembetsa ndiwo anaponya voti, ndipo wopambana anaposa mnzace ndi mavoti 27,757 cabe. Anthu ocepa otere angakwane m'bwalo limodzi la mpira. Amene anakhala kunyumba tsiku lija anasankha nao, ngakhale sanagwire colembera.

Tsiku lina wandale adzaima pamaso panu ndi kunena kuti mabvuto anu onse abwera ndi alendo. Wina adzati palibe bvuto liri lonse. Mudzakhumudwa nao onse awiri, ndipo mudzakhala ndi cifukwa. Pa tsikulo mudzadzifunse kuti ndani adzalipira mtengo wa kukhala cete kwanu. Mukatero, mudzatenge khadi lanu, mupite pa mzere. Masankho akatha mudzapitirize kulembera phungu wanu ndi kumufunsa za malonjezo ace, pakuti nchito ya nzika siithera m'kacipinda kaja.

Mafunso okambirana m'gulu lanu

1. Kodi munthu amene wavotera mtsogoleri amasenza nao mlandu wa zoipa zimene mtsogoleriyo wacita pambuyo pace? Nanga amene sanaponye voti?

2. Mlendo wopanda mapepala atabwera kudzapempha nchito pa munda kapena pa sitolo ya kwanu, mungacite ciani, ndipo mungamlipire zingati?

3. Chulani lonjezo limodzi limene munamva pa kampeni ndipo munalikonda, ngakhale mumtima munadziwa kuti silingatheke. Cinakukondweretsani ndi ciani?