Kodi Singano za Miss Marple Zimaluka Ciani?

Pali funso limene ambiri a ife tinafunsidwapo pakhomo: "Kodi zimenezo udzadya?" Makolo amafunsa motero akatipeza tikulimbana ndi gitala, tikujambula zithunzi, tikuweta nkhunda kapena tikuluka cipewa cimene palibe anatituma. Funsolo lili ndi nzeru yake, pakuti nyimbo siikhutitsa mimba. Komabe liyenera kuyankhidwa bwino. Kodi nthawi imene munthu amathera pa cinthu cimene angocikonda, copanda malipiro ndi copanda mayeso, ndi nthawi yotayika? Kodi cinthuco cimakhudza khalidwe lake, kapena ndi masewera cabe?

Yankho tikalifunefune kumalo acilendo pang'ono, m'mabuku a nkhani zopeka zofufuza milandu. Ku England ndi ku America kuli mtundu wa mabuku umene amauchula kuti cozy mystery. Ndi nkhani za mlandu wakupha munthu, koma zosimbidwa mofatsa. Magazi saonetsedwa, ndipo zonse zimacitikira m'mudzi kapena m'katauni kumene aliyense adziwa mnzake. Wotulukira cigawenga nthawi zambiri sakhala wapolisi. Amakhala nkhalamba, wophika makeke, wansembe kapena wogulitsa mabuku. Ndipo ambiri a iwo ali ndi kanthu kamene amakonda kucita pa nthawi yopuma. Tiyeni tione atatu mwa iwo, ndi zimene kanthuko kanawacita.

Gogo woluka

Wodziwika kopambana ndi Miss Marple, amene anapekedwa ndi Agatha Christie wa ku England. Anayamba kuoneka m'nkhani yaifupi mu 1927, ndipo buku loyamba lathunthu lonena za iye, The Murder at the Vicarage, linatuluka mu 1930. Ndi gogo wosakwatiwa wa m'mudzi wopeka wa St Mary Mead. Amaluka, amasamala dimba lake la maluwa, ndipo amayang'ana mbalame ndi magalasi oonera patali. Apolisi akamuona ali ndi ulusi pamiyendo amamupeputsa, ndipo anthu amalankhula momasuka pamaso pake ngati kuti palibe munthu.

Koma pamene manja akuluka, makutu ali pa nchito. Wokhalitsa m'dimba amadziwa amene wadutsa pamsewu ndi nthawi imene wadutsa. Woluka amadziwa kuti akalakwitsa pamalo amodzi ayenera kumasula mizere yambiri kuti apeze colakwaco, ndipo sacita manyazi kubwerera m'mbuyo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumeneko sikugwa kumwamba ngati mvula. Munthu amakuphunzira pa tinthu ting'onoting'ono, tsiku ndi tsiku, popanda womuyamikira.

Apa pali msampha. Magalasi oonera mbalame amaonanso pakhomo pa mnansi. M'buku la 1930 lija, anthu ena a m'mudzimo amamuopa gogoyu cifukwa amadziwa za aliyense. Nanga amasiyana bwanji ndi munthu wamiseche? Yankho tilipeza m'buku la 1953, A Pocket Full of Rye. Mtsikana wamasiye dzina lake Gladys, amene Miss Marple anamuphunzitsa nchito ya m'nyumba, aphedwa kumene anakalowa nchito, ndipo wakuphayo amupana mphuno ndi pegi ya zovala. Kwa eni nyumba yolemerayo Gladys anali wanchito cabe. Koma gogoyu atawerenga nkhaniyi m'nyuzipepala anyamuka ulendo kupita komweko, cifukwa mtsikanayo anali munthu, ndipo sanayenere kunyozedwa motero. Wamiseche amasonkhanitsa nkhani kuti azikometsera pakamwa pake. Miss Marple anagwiritsa nchito zimene amadziwa kuti wonyozekayo apeze cilungamo. Maso ndi amodzimodzi, koma mtima wowatuma ndi wosiyana.

Mlimi wa maungu amene analephera

Si cokonda ciliconse cimene cimamanga munthu. Agatha Christie yemweyo anapekanso Hercule Poirot, wofufuza milandu wa ku Belgium. M'buku la 1926, The Murder of Roger Ackroyd, Poirot wapuma pa nchito ndipo wasamukira kumudzi wa King's Abbot kukalima mtundu wina wa maungu. Tsiku lina, atakwiya nawo, aponya dzungu limodzi kuseri kwa mpanda, ndipo litsala pang'ono kugunda dokotala woyandikana naye. Owerenga amaseka, koma nkhaniyi ili ndi fupa. Poirot anali asanakondepo khasu. Maunguwo anali otsekera dzenje limene linatsala mumtima mwake atasiya nchito imene anali nayo mphatso. Mlandu utabuka m'mudzimo, anawasiya osayang'ana m'mbuyo.

Anzanga, pali cokonda cimene munthu amapumulirako, ndipo pali cimene amabisalako. Wopumula amabwerera kwa anthu ali ndi mphamvu zatsopano. Wobisala amabwerera ali wokwiya, pakuti cimene anathawa cikali kumudikira. Mnyamata amene amagwira gitala kuti asaganize za mayeso amene akubwera, kapena mtsikana amene amamira m'foni kuti asalankhule ndi amayi ake za vuto limene lilipo, akulima maungu a Poirot. Colakwa sicili pa gitala kapena pa foni.

Mmonke ndi mankhwala ake

Wacitatu ndi Brother Cadfael, wopekedwa ndi Edith Pargeter, amene ankalemba ndi dzina lakuti Ellis Peters. Buku loyamba linatuluka mu 1977. Cadfael ndi mmonke wa ku Shrewsbury wa m'zaka za m'ma 1100, amene anakhalapo msilikali ndi mmalinyero asanalowe m'nyumba ya amonke. Cimene amakonda ndi dimba la zitsamba, kumene amapangako mankhwala a odwala. Kwa iye cokonda ndi utumiki zinasanduka cinthu cimodzi.

Koma m'buku la 1980, Monk's Hood, mafuta amene Cadfael anapanga kuti azipaka okalamba pa mfundo zowawa agwera m'manja oipa. Mafutawo ndi ocokera ku comera capoizoni. Opakidwa pakhungu amathandiza, koma omezedwa amapha. Munthu wina awathira m'cakudya, mwinimunda wolemera afa, ndipo mlandu ugwera mnyamata wosalakwa, mwana wopeza wa womwalirayo. Cadfael akanatha kunena kuti, ine ndinangopanga mankhwala, zotsalazo ndi za akhoti. Sanatero. Anaona kuti popeza cida cakupha cinacokera m'manja mwake, sangakhale pansi pamene wosalakwa akusakidwa.

Phunziro ili ndi lolemera. Luso lililonse limabwera ndi ngongole. Wodziwa kujambula zithunzi angathe kusunga cikumbutso ca ukwati, angathenso kucititsa manyazi mnzake pamaso pa dziko lonse. Wodziwa kupeka nyimbo angathe kutonthoza anamfedwa, angathenso kunyoza. Mawu akuti "ndimangosewera" samasula munthu pa zimene masewera ake abala.

Mtembo pambali pa keke

Wina angatsutse kuti, kodi si cipongwe kuika imfa ya munthu pakati pa kuluka ndi kuphika? Citsutso cimeneci tisacikankhire kumbali. Kuyambira ca m'ma 1990 mabuku otere anaculuka kwambiri ku America. Diane Mott Davidson anatulutsa mu 1990 buku loyamba lonena za mayi wophikira maphwando, ndipo Joanne Fluke anayamba mu 2000 nkhani za mayi wa sitolo ya mabisiketi. Onse awiri amaika m'mabuku awo malangizo a kaphikidwe, kotero kuti wowerenga angathe kucoka pa tsamba la mtembo n'kupita kukatentha uvuni. Aliyense amene anagonapo pamaliro adziwa kuti imfa siikhala yaudongo motero.

Tivomereze kuti buku limene wakufa amangokhala cifukwa cofikira pa keke ndi buku lopepuka, ndipo wowerenga wanzeru adzalizindikira. Komabe tikumbukirenso zimene zimacitika pamaliro enieni. Kodi ndani amagwira mudzi pamene imfa yalowa? Ndi amayi amene ali pa moto kuphika, anyamata amene akuwaza nkhuni, oimba amene amacezera usiku wonse. Maluso amene anaphunziridwa pa masiku amtendere ndi amene amanyamula anthu pa tsiku loipa. Nkhani zabwino za mtundu uwu zimanena coonadi comweci. Woipa amang'amba mudzi, ndipo wousoka ndi munthu wamba amene kwa zaka zambiri wakhala akusamala tinthu tating'ono ndi anthu onyozeka.

Tsono tiwayankhe ciani makolo?

Akafunsanso kuti "Kodi zimenezo udzadya?", tisayankhe mwamwano, ndipo tisaname kuti gitala idzatilemeretsa. Mwina siidzatero. Yankho loona ndi lakuti zimene munthu amacita pamene palibe womulipira kapena womukakamiza ndi zimene zimamuumba kwambiri. Nchito ya kusukulu timapatsidwa, koma cokonda timasankha tokha, ndipo cifukwa cake cimaonetsa mtima wathu ndi kuukulitsa. Cingatiphunzitse kudekha kapena miseche, cingatipumulitse kapena kutibisa, cingaciritse kapena kupha.

Conco muyeso wa cokonda si ndalama zimene cimabweretsa. Tiyese motere: ndikacoka pa cinthu cimeneci, kodi ndimaona bwino anthu amene ndimakhala nawo, kapena ndimawaiwala? Ngati mlongo wako wakhala cete kwa masabata awiri ndipo iwe sunazindikire, pali cimene calakwika, ngakhale utadziwa makiyi onse a gitala. Miss Marple anakumbukira Gladys pamene ena onse anali otanganidwa ndi cuma ca bwana. Makolo akaona kuti cokonda cathu cikutipatsa maso otere, ambiri a iwo adzaleka kufunsa.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi ndi ciani cimene mumakonda kucita pa nthawi yopuma, ndipo cakuphunzitsani khalidwe lotani, labwino kapena loipa?

2. Kodi malire ali pati pakati pa kusamala za mnzako ndi kulowerera nkhani zake? Perekani zitsanzo popanda kuchula maina.

3. Ngati luso lanu lagwiritsidwa nchito ndi munthu wina kupweteka mnzanu, monga zinacitikira Cadfael, kodi muli ndi udindo wotani?

4. Kodi m'gulu lanu muli wina amene ali ndi luso limene simunalilabadirepo? Mungamupatse mpata wotani mwezi uno?