Wotsala Pakhomo Si Mlonda wa Ndalama

M'midzi ya m'boma la Ntcheu, kuyambira ku mapiri a Tsangano kufikira ku chigwa cha Bwanje, si chachilendo kupeza khomo limene bambo kapena mayi ali ku Joni. Asananyamuke, wapaulendoyo amasiyira mnzake wa m'banja khadi ya ku banki ndi nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. Koma kodi wasiya ndalama zokha, kapena wasiyanso mphamvu yoganiza zochita nazo?

Agogo athu amene ankapita ku migodi kudzera ku Wenela sankavutika nalo kwambiri funsoli. Gawo la malipiro awo linkasungidwa, ndipo ankalilandira atabwerera kuno kumudzi. Ulendowo unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, unayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, ndipo unatheratu mu 1988. Masiku amenewo wosunga chuma anali kampani ndi boma. Mkazi ankangodikira kalata. Lero ndalama yotumizidwa pa Mukuru imafika tsiku lomwelo, ndipo wosunga ndi munthu amene tinamanga naye nikah.

Ambiri a ife timapereka ndalama koma nzeru timapita nazo. Timalamula kuti pasachoke ngakhale tambala kufikira titaimba foni. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Mayi amene anauzidwa kuti asakhudze ndalama ya malata anaiona ikusungunuka ili m'foni, pamene akanatha kugula malatawo mitengo isanakwere. Wotsala pakhomo ndiye amadziwa mtengo wa chimanga pa Kampepuza ndi wa kachewere pa Lizulu. Ndiye amaona mitambo ikusonkhana feteleza asanagulidwe, ndiyenso amadzuka usiku mwana akatentha thupi. Kumupatsa nambala yachinsinsi n'kumumana ufulu woganiza kuli ngati kumusenzetsa mtolo manja titamumanga.

Ena anganene kuti ufulu wotere ndi umene umathetsa chuma, ndipo nkhawa yawo si yopanda pake. Alipo amene anabwerera patatha zaka napeza maziko okha pamalo pa nyumba imene ankaitumizira ndalama mwezi ndi mwezi. Mlandu wotere ndi wovuta kuuzenga, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka: wolakwayo ndi kholo la ana athu. N'chifukwa chake ena amatumiza ndalama kwa mayi awo kapena kwa mchimwene, mkazi n'kumapempha ya sopo kwa alamu ake. Njira imeneyi mwina imateteza ndalama, koma imawononga banja limene ndalamayo inkafuniridwa.

Chisilamu chimatcha chinthu chosungitsidwa kuti amaanah, ndipo wosunga amaanah amayembekezeka kufotokoza mmene wachisamalira. Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole. Ikulankhula kwa okhulupirira, anthu oyenera kukhulupirirana. Kulemba tsono si chizindikiro cha kukayika. Kope limene mwalembedwa zolowa ndi zotuluka limateteza woyamba wosungayo. Achibale akayamba kunong'ona kuti akudya thukuta la mwana wawo, iye amakhala ndi choonetsa. Mtima umaiwala, ndipo anthu awiri oona angathe kukangana pa ndalama imene onse sakuikumbukira bwino.

Choncho tisananyamuke tikhale pansi, ankhoswe alipo ngati n'kotheka, tisiyanitse zinthu zitatu. Pali ndalama ya pakhomo, imene wotsalayo aigwiritse ntchito mosapempha chilolezo. Pali ya chitukuko, monga nyumba kapena munda, imene tigwirizane cholinga chake n'kumusiyira kusankha nthawi yogulira. Palinso chuma cha mkazi mwini, mahari ake ndi phindu la geni yake, chimene malamulo a Chisilamu amati ndi chake, ndipo sichiyenera kumezedwa ndi thumba la banja popanda iye kuvomera.

Ndipo kufotokoza kusakhale kwa mbali imodzi. Amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town anenenso zimene amalandira, lendi imene amalipira ndi ngongole zimene watenga. N'kupanda chilungamo kufunsa mkazi za K5,000 ya ndiwo pamene malipiro athu sakuwadziwa. Wofuna kuwerenga kope la mnzake ayambe watsegula lake.