Pakati pa chipatala ndi khomo la lendi

Wodwala sitiroko akamatulutsidwa ku Kamuzu Central Hospital, madokotala amakhala atachita mbali yawo. BP yatsika, mankhwala walandira. Zotsala ndi zazing'ono zimene munthu wabwinobwino saziganizira: kumanga chitenje ndi dzanja limodzi, kutema nsima, kunjuta m'chimbudzi mwendo wina uli wolefuka. Kubwezera munthu zimenezi ndiyo ntchito ya occupational therapy, ndipo mtima wanga uli pa achinyamata amene akuiphunzira, makamaka kumene amatumizidwa kukaizolowera.

Bungwe la World Federation of Occupational Therapists limafuna kuti wophunzira agwire ntchito ndi odwala kwa maola osachepera 1,000 asanamalize maphunziro. Tikamakamba za maola amenewa timatchula malo awiri, kutauni ndi kumudzi. Kutauni timatanthauza chipatala chachikulu, cha pansi posalala, pomwe mphunzitsi ali chipinda chinacho. Kumudzi timaganiza za mitunda italiitali ndi alangizi a zaumoyo apanjinga. College of Medicine, imene inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences mu 2021, inayamba kalekale kutumiza ophunzira udokotala ku Mangochi, ndipo anaganiza bwino.

Koma kuno ku Area 24 sitikwana m'magulu awiriwa. Papepala ndife a mumzinda. Pakhomo, chimbudzi n'chokumba, chogwiritsidwa ntchito ndi mabanja angapo, ndipo madzi ambirife timakatunga kukiyosiki. Kumudzi wodwala ali ndi bwalo lake ndi abale pafupi, ndipo mwana wake akhoza kuzika mitengo iwiri yoti azigwirira pophunzira kuyenda. Kuno nyumba ndi ya alandilodi. Simungagumule sitepe kapena kukulitsa khomo osapempha, ndipo mukapempha mumaopa kuti lendi ikwera. Amene anali gadiyani kuchipatala amalawirira ku geni ku Ngwenya, chifukwa akapanda kupita m'nyumba simudyedwa. Wodwala amatsala yekha pamphasa mpaka madzulo. Njinga ya olumala imene anaiyesa m'khonde la chipatala imakanika pa ngalande yoyamba, ndipo mvula ikagwa siituluka n'komwe.

Wophunzira amene sanalowepo m'nyumba yotere adzalemba malangizo olondola koma osatheka. Adzati odwala azikhala pampando posamba, osadziwa kuti bafa lake n'lansanza, lopanda malo oimika mpando. Si vuto lake. Sanaonetsedwe.

Komabe sindikufuna kuti azingoponyedwa kuno okha. Mwana wa zaka 22 akaima pamaso pa bambo wamkulu amene akuchita manyazi kunena kuti amadziipitsira, pamafunika wina womudziwitsa nthawi yolankhula ndi nthawi yotuluka panja kuti mayi a m'nyumbamo ayambe kumasuka. Pamafunikanso diso loona msanga kuti thabwa limene wamangirira dzanja likutupitsa zala, kapena kuti mwana amene malungo anamuwononga ubongo akutsamwa chifukwa cha mmene amukhazikira pomudyetsa phala. Zoterezi sizidikira kuti lipoti likawerengedwe kumapeto kwa mwezi. Wophunzira wosiyidwa yekha amayamba kuopa kugwira wodwala, kapena amalimba mtima molakwika, ndipo amene amavulala ndi wodwalayo.

Apa ndiye pondilemera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali, pomwe akatswiri a ntchitoyi ndi ochepa kwambiri. Katswiri akachoka pachipatala tsiku lonse kuti aperekeze ophunzira atatu m'makomo, mzere wa odwala umene wausiya sumutsalira wina. Ndikuzimvetsa zimenezo, ndipo ndikupemphabe tsiku limenelo, ngakhale limodzi pa sabata, mphunzitsi ndi ophunzira ake akwere minibasi, atsike pa Ngwenya, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lino awatsogolere khomo ndi khomo.