Bwana Akakutuma Ntchito Imene Si Yako

KHUTUBA YOYAMBA

Kutamandidwa ndi kuthokozedwa nkwa Allah, amene adatipatsa manja ogwirira ntchito ndi nzeru zozindikirira malire a zinthu. Ndikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha poyamba, kenako inu, kuti timuope Allah mumzikiti muno ndi kuntchito komwe.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, Tete ndi mzinda wa anthu olembedwa ntchito. M'mawa uliwonse dzuwa lisanayambe kuwotcha, mlatho wa Samora Machel umadzaza ndi anthu owoloka Zambezi: ena akupita kumigodi ya malasha ku Moatize, ena kumaofesi, kumasitolo, kumagalaji ndi kumakampani a malole opita ku Zóbuè ndi ku Cuchamano. Pakati pa anthu amenewa pali funso limene ambiri amangolisunga mumtima.

Taganizirani mnyamata amene adaphunzira za magetsi, nalembedwa ntchito yokonza mawaya ndi makina. Tsiku lina bwana wake aona kuti amadziwa kompyuta, namuuza kuti, "Tandilemberako kalata iyi." Iye alemba. M'mawa mwake amutuma fotokope. Sabata yotsatira ndi mafatura, kusanja mafayilo ndi kukaima pamzere kubanki. Pakutha miyezi ingapo, theka la tsiku lake likuthera patebulo la kalaliki, malipiro ndi omwe aja, ndipo makina akafa wokalipiridwa ndi iye yemwe. Afunsa tsono: ndikakana, ndine wodzikweza? Ndikavomera uku mtima ukuwawa, ndachita bwino pamaso pa Allah?

Qur'an yolemekezeka, m'Surat Al-Qasas, imatisimbira pangano la ntchito la Mneneri Musa, mtendere ukhale pa iye. Atathawa ku Iguputo adafika pachitsime cha ku Madyan ali wotopa ndi wosowa. Adapeza akazi awiri akudikira kuti abusa achoke, ndipo adawamwetsera ziweto zawo popanda womutuma, osafunsa malipiro. Pambuyo pake bambo wa akaziwo adamulemba ntchito, mmodzi wa ana ake atamuuza kuti wantchito wabwino amadziwika ndi mphamvu ndi kukhulupirika. Mkuluyo adatchula zaka 8 kuti ndizo pangano, nawonjezera kuti Musa akakwanitsa zaka 10, ziwiri zapamwambazo zidzakhala zochokera kwa iye mwini, pakuti sadafune kumulemetsa. Naye Musa sadangogwedeza mutu. Adanenetsa kuti nyengo iliyonse mwa ziwirizo imene angakwanitse asadzapatsidwe mlandu, ndipo adamuika Allah kukhala mboni. Ibn Abbas, Allah akondwere naye, adafotokoza kuti Musa adakwanitsa nyengo yaitaliyo.

Taonani, abale anga. Munthu yemweyo amene adathandiza kwaulere pachitsime ndiye adanenetsa malire a pangano lake, ndipo yemweyonso ndiye adapereka zaka ziwiri zoonjezera. Zaka 8 zidali ngongole, ziwirizo zidali mphatso. Ngongole imalamulidwa ndi chilungamo, mphatso imachokera mu ihsan, ndiko kuchita zabwino kopyola pamene wakakamizidwa. Mavuto ambiri a kuntchito kwathu amabadwa pamene ziwirizi zasakanizidwa: bwana ayamba kuitanitsa mphatso ngati ngongole, kapena wantchito ayamba kuwerengera ngongole yake ngati mphatso.

Ma ulama a fiqh amagawa antchito m'magulu awiri. Pali ajir mushtarak, monga telala wa pamsika, amene amagwirira anthu ambiri ndipo amalipidwa pa chimene wasoka. Pali ajir khass, wolembedwa ndi munthu mmodzi kapena kampani imodzi, amene amalipidwa chifukwa cha nthawi yake. Ambiri a ife tili m'gulu lachiwirili. Maola amene tidagulitsa si athunso, ndi amana, chinthu chosungitsidwa m'manja mwathu. Koma ma ulama omwewo adati pangano la ntchito silikhala lolondola ngati mtundu wa ntchito ndi malipiro sizikudziwika. Bwana adagula maola ako pa ntchito yodziwika, sadakugule iweyo.

Choncho zopempha za bwana zosalembedwa m'pangano tizigawe patatu.

Zoyamba ndi zimene chizolowezi cha ntchitoyo chimaziika pa iwe ngakhale sizidalembedwe. Shariya imalemekeza urf, chizolowezi chodziwika cha anthu, ndipo imachiwerenga ngati mfundo ya m'pangano. Dalaivala amalemba makilomita ndi mafuta m'kaundula wa galimoto. Makaniko amalemba zitsulo zimene watenga musitolo. Mlonda amalemba maina a olowa pageti. Mphunzitsi amadzaza kaundula wa ana. Amene akukana zimenezi ponena kuti iye si kalaliki akudya gawo la malipiro ake popanda thukuta. Ndipo tisamale ndi kudzikweza kumene kumabisala m'mawu akuti "si ntchito yanga". Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adasenza njerwa pomanga mzikiti wa ku Madina, adakumba nawo ngalande pamene mzindawo udazingidwa, ndipo kunyumba ankasoka yekha nsapato zake. Ndani mwa ife amene anganene kuti kunyamula fayilo kwamuchepetsa?

Zachiwiri ndi zimene zilidi kunja kwa ntchito yako koma zilibe tchimo. Mlembi wadwala, makalata akudikira, bwana akupempha. Apa khomo la ihsan latseguka, ndipo wolowapo ndi mtima woyera ali ndi malipiro kwa Allah. Kumbukirani Zayd bin Thabit, Allah akondwere naye. Ali mnyamata, Mtumiki adamupempha kuti aphunzire kalembedwe ka Ayuda kuti aziwerenga ndi kuyankha makalata awo, ndipo adakadziwa m'masabata awiri okha. Pambuyo pa nkhondo ya Yamama, oloweza Qur'an ambiri ataphedwa, Abu Bakr adamuika pa ntchito yosonkhanitsa Qur'an m'masamba. Zayd sadabise kulemera kwa ntchitoyo, adaiyerekeza ndi kusuntha phiri, ndipo adayamba wafunsa asanavomere. Mtima wake utakhazikika adaigwira, ndipo lero tonse tikudya zipatso za cholembera chake. Ntchito ya zolembalemba si yonyozeka, ndipo nthawi zina ndi m'menemo Allah amamutsegulira munthu luso limene sankalidziwa.

Koma ihsan ili ndi malire ake. Mphatso yako isadye ngongole yako. Ngati mafatura akukulepheretsa kukonza makina amene udalembedwera, wasiya chokakamizidwa nkuthamangira chongodzipereka. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Isadyenso swala yako, thanzi lako ndi nthawi ya banja lako. Salman adamulangiza Abu Darda, amene adadzilemetsa ndi mapemphero, kuti thupi lake ndi banja lake nazo zili ndi gawo pa iye, ndipo Mtumiki adavomereza malangizowo. Ngati mapemphero oonjezera saloledwa kulanda gawo la banja, nanga mafayilo a bwana?

Tsono ukaona kuti katundu wakula, lankhula. Ambiri a ife timati "chabwino bwana" pamaso, kenako nkukamudya miseche pamthunzi nthawi ya nkhomaliro, kapena kuigwira ntchitoyo mwaulesi kuti asadzatitumenso. Njira imeneyi ili ndi machimo awiri, miseche ndi chinyengo, ndipo vuto limakhala lili pomwepo. Njira ya Musa ndiyo kunena poyera ndi mwaulemu. Upite kwa iye pa awiri, osati pagulu, nunene kuti: "Bwana, ndine wokonzeka kuthandiza. Koma ndikakhala pa mafatura mpaka masana, jenereta ija siitha lero. Ndiyambe ndi iti?" Ukatero sunakane, wangomuonetsa mtengo wa chimene akupempha, ndipo chisankho chatsala m'manja mwake. Ntchitoyo ikakhazikika pa iwe mwezi ndi mwezi, unenenso kuti: "Bwana, ntchito iyi tsopano yasanduka yanga. Ndikupempha kuti ilembedwe m'pangano ndipo tikambirane za malipiro ake." Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya m'Surat Al-Baqara, ikunena za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Chipembedzo chimene chimalamula kulemba sichingamutche wamwano munthu wopempha kuti pangano lake lilembedwe.

Zachitatu ndi zimene Msilamu sayenera kuzigwira ngakhale atazipemphedwa mokoma. Ntchito ya pepala imaoneka yopepuka, koma pepala ndi umboni. Akakuuza kuti usinthe deti pafatura, uwonjezere nambala palisiti, usaine kuti katundu wafika pamene maso ako sadamuone, kapena udinde chidindo chimene si chako, dziwa kuti ukupemphedwa umboni wonama, umene Mtumiki adauika pakati pa machimo akuluakulu. Cholengedwa sichimveredwa pa kunyoza Mlengi. Ndipo pano padziko pomwe, tsiku lofufuza likadzafika, dzina lopezeka papepalalo lidzakhala lako. Chimodzimodzi bwana amene naye ndi wolembedwa akamakutuma za kunyumba kwake pa maola, mapepala ndi galimoto ya kampani kapena ya boma, mwini wake asakudziwa. Mabuku a mbiri amasimba za Umar bin Abdul Aziz, amene adali Khalifa kuyambira 717 mpaka 720, kuti ankazimitsa nyali ya boma nkuyatsa yake munthu akayamba kumufunsa za pakhomo pake. Kana zoterezi mofatsa, osanyoza, koma kana ndithu. Rizq lako lili m'manja mwa Allah, bwana ndi njira chabe imene limadzera.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah, changa ndi chanu. Mupempheni, pakuti Iye ndi Wokhululuka.

KHUTUBA YACHIWIRI

Kutamandidwa nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene muli ndi anthu pansi panu: eni masitolo, akuluakulu a m'maofesi, akapitawo, ngakhalenso inu amene muli ndi wantchito mmodzi wa pakhomo. Mukudziwa kuti kunja kwa geti kuli achinyamata ambiri onyamula masatifiketi, ndipo wantchito wanu akudziwanso zimenezo. Choncho akamati "chabwino bwana", dzifunseni ngati wayankha ndi mtima wake kapena ndi mantha a njala ya ana ake. Shariya imaphunzitsa kuti chuma cha munthu sichikhala halal kwa mnzake pokhapokha atachipereka mokondwera, ndipo nthawi ndi luso ndizo chuma cha wantchito. Chimene mwatenga ndi mantha si mphatso.

Abu Dharr, Allah akondwere naye, adapezeka atavala chovala chofanana ndi cha womutumikira wake. Atafunsidwa adafotokoza kuti Mtumiki adamuphunzitsa kuti anthu amenewa ndi abale athu, kuti tisawasenzetse zopyola mphamvu zawo, ndipo tikawasenzetsa tiwathandize. Anas bin Malik adamutumikira Mtumiki zaka 10 ndipo sadamvepo mawu omukalipira. Ndipo mu hadith yolondola tauzidwa kuti amene wamugwiritsa munthu ntchito yonse nkumumana malipiro ake, womuimba mlandu pa Tsiku la Qiyama adzakhala Allah mwini. Amene waika ntchito za anthu awiri pamsana pa munthu mmodzi nkumulipira za mmodzi aganizire bwino za tsiku limenelo.

Choncho mukafuna chithandizo cha kunja kwa pangano, pemphani, musalamule, ndipo mumupatse munthuyo mpata wokana osaopa. Mukamuonjezera katundu uku, muchepetseni uko. Ntchito ikakhazikika, ilembeni ndi kuilipira. Yang'ananinso amene mumakonda kuwatuma. Kawirikawiri amakhala wofatsa uja wosadziwa kukana, kapena mlongo wathu amene, ngakhale ali ndi maphunziro ofanana ndi amuna anzake, ndiye amauzidwa nthawi zonse kulemba zokambirana za msonkhano ndi kukonza tiyi. Kufatsa kwa munthu kusakhale chilango chake.

Lamulo la dziko lathu nalo silili kutali ndi zimenezi. Lamulo la ntchito la Mozambique, nambala 13/2023, limene lidalowa m'malo mwa lija la 2007, limaika maola 8 patsiku ndi 48 pasabata kukhala nthawi yokhazikika ya ntchito, ndipo maola oonjezera ali ndi malipiro ake. Amene waponderezedwa ali ndi komiti ya sindikato kuntchito kwake ndi ofesi ya Inspecção-Geral do Trabalho. Kupita kumeneko kukambirana kutalephereka si kusowa sabr. Kupirira kumene Allah amakukonda sikutanthauza kusiya chinyengo chikule mpaka chidzagwere amene adzabwere pambuyo pako.

Abale ndi alongo anga, pobwerera kuntchito masana ano kapena Lolemba, wantchito adziwe zaka 8 zake ndipo azikwaniritse mosanyinyirika, kenako apereke ziwirizo ngati angathe, chifukwa cha Allah. Bwana naye akhale ngati mkulu wa ku Madyan, amene adatchula malire asanafunsidwe ndipo sadafune kulemetsa.

E Allah, dalitsani ntchito za manja athu ndipo yeretsani rizq lathu. E Allah, tetezani zolembera zathu ku bodza ndi malilime athu ku miseche. Apatseni ntchito achinyamata athu amene akuifuna, fewetsani mitima ya olemba anzawo ntchito, ndipo limbitsani ofooka kuti anene zoona mwaulemu. Khululukirani makolo athu, amoyo ndi amene adatsogola, chiritsani odwala athu, ndipo ikani mtendere mumzinda wa Tete ndi m'dziko lonse la Mozambique. Amin.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chifundo.