Kodi Kupereka Chigawenga Nkulakwa?

Ndili ku sekondale, Loweruka madzulo ankatipachikira chinsalu m'holo yodyeramo nkutionetsa kanema wa makauboyi. Chingerezi chawo cha m'mphuno sitinkachimva, koma milandu tinkaweruza bwino lomwe. Woombera maso ndi maso tinkamuimbira mluzu ngakhale akhale wakuba. Woombera mnzake kumsana tinkamukuwiza mpaka aphunzitsi kutiopseza kuti azimitsa makina. Lamulo limeneli sanatiphunzitse m'kalasi, tinachoka nalo kumudzi. Lero ndafuna ndilizenge mlandu, ndipo mboni yanga ndi imfa ya Jesse James.

Pa 3 Epulo 1882, m'tauni ya St. Joseph ku Missouri, Jesse anali m'nyumba momwe ankabisala pa dzina la Thomas Howard. Anavula mfuti zake, nakwera pampando kuti akonze chithunzi cha pakhoma. Robert Ford, mnyamata wa zaka 20 amene ankagona ndi kudya m'nyumba yomweyo pamodzi ndi mkulu wake Charley, anamuombera kunkhongo. Ford anali atakumana kale mwamseri ndi bwanamkubwa wa Missouri, Thomas Crittenden, amene analonjeza mphotho ya ndalama zosonkha makampani a njanji. Kuyambira pamenepo nyimbo ya anthu a ku America imamutcha Ford wamantha, ndipo Jesse imamulira ngati bwenzi la amphawi.

Tsono tiyeni timuone bwenzi la amphawiyu. Anabadwa mu 1847 m'banja losunga akapolo. Pa nkhondo yapachiweniweni analowa m'gulu la Bill Anderson, lomwe mu 1864 linatsitsa asilikali opanda zida oposa 20 m'sitima pa Centralia nkuwapha. Nkhondo itatha anayamba kuthyola mabanki ndi masitima. Ku Gallatin mu 1869 anapha wosunga ndalama, John Sheets. Umboni woti anagawirapo wosauka zimene ankaba palibe. Mbiri yabwino anamupekera ndi mkonzi wa nyuzipepala ku Kansas City, John Newman Edwards, amene ankafuna ngwazi yotonthoza a Kummwera ogonja pankhondo. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Jesse anachita mwayi, anapeza womuimbira.

Wina anganene kuti nkhani yathera pomwepo: Ford anachotsa chilombo m'mudzi, ndipo anthu amene Jesse akanawapha mawa lake anakhala ndi moyo. Kumuombera maso ndi maso kukanathandiza yani? Jesse mwini sankapatsa akalaliki a m'mabanki mfuti kuti alimbane naye mofanana. Kufuna kuti Ford aike moyo wake pachiswe ndi cholinga choti ife oonerera tisangalale ndi dyera la m'holo ya kanema basi. Mfundo imeneyi ndayesa kuigwetsa, yandikanika.

Komabe mtima wanga ukukana kumugwira chanza Ford, ndipo ndadzifunsa chifukwa chake. Poyamba ndinkati ndi nkhani ya mbale. Munthu amene wasamba nawe m'manja nkupisa m'mbale imodzi walumbira popanda mawu kuti ukhoza kumutembenukira msana. Jesse anavula mfuti chifukwa cha lumbiro limenelo, ndipo Ford anasandutsa lumbirolo kukhala chida chophera. Ngakhale pakati pa mbava, chikhulupiriro chotere ndi chomwecho chimene chimatilola tonsefe kugona tulo mlendo ali pabalaza. Koma apanso ndikudzitsutsa ndekha. Mkazi akadziwa kuti mwamuna wake wapha munthu, kodi akhale chete poti amadya mbale imodzi? Iyayi. Ndiye kuti mbale payokha siteteza wakupha.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndachipeza pa 17 Epulo, patangopita masabata awiri. Tsiku limenelo Robert ndi Charley anaimbidwa mlandu wakupha, anauvomera, anagamulidwa kuti anyongedwe, ndipo dzuwa lisanalowe bwanamkubwa anawakhululukira. Bwalo la milandu linasanduka sewero. Boma limene linali ndi malamulo, oweruza ndi ndende linasankha njira yachidule, yogula mnzake wa munthu. Jesse sanaimirire pabwalo, choncho amasiye a anthu amene anawapha sanamve mlandu wake ukuwerengedwa poyera, ndipo bodza la Edwards linapeza mtembo woti liulire. Mwina bwalo likanamumasula, monga linachitira ndi mkulu wake Frank mu 1883. Koma boma likayamba kupha chifukwa choopa kugonja pamlandu, ndani adzaliuza polekezera?

Ife amene tinaona nthawi ya chipani chimodzi sitifunika kuuzidwa kuti mtengo wa kazitape ndi wotani. Tinkayankhula titayang'ana uku ndi uku, osadziwa kuti mwa anzathu ali patebulo ndani akanene. Sindikufanizira Jesse ndi anthu osalakwa amene anatsekeredwa ku Mikuyu, Mulungu andikhululukire. Ndikungoti chida nchimodzi, ndipo sichifunsa ngati amene chamugwera ndi wolakwa. Poyamba amachiyesera pa munthu amene tonse tavomereza kuti ngoipa.

Ford anangolandira kachigawo ka mphothoyo. Anayendayenda m'nyumba za zisudzo kuonetsa momwe anaombera, anthu akulipira kuti amunyoze. Charley anadzipha mu 1884. Robert anaomberedwa ndi Edward O'Kelley ku Creede, Colorado, mu 1892.

Pa anthu onse a m'nkhaniyi amene ndikanakonda kuti tinamuimbira mluzu ndi Joseph Heywood, kalaliki wa banki ya ku Northfield, Minnesota. Pa 7 Seputembala 1876 gulu la Jesse linamuika mpeni pakhosi kuti atsegule sefa. Iye anakana, ndipo mmodzi wa iwo anamuombera m'mutu potuluka. Anthu a ku Northfield amachita chikondwerero chaka ndi chaka pokumbukira tsikulo, ndipo amapita kumanda ake. Koma dzina limene lili pa chikondwererocho ndi la Jesse James.