Kodi Nkhawa za Wodwala Mtima ndi Mlandu Wake?

Amayi anzathu, tikapita kukazonda wodwala mtima, mawu amene amafulumira kutuluka pakamwa pathu ndi akuti, "Musamaganize kwambiri, BP ikwera." Timanena mwachikondi ndithu. Koma ife amene tinakulira pa ntchito ya unamwino tinaona kuti mawuwa amamusenzetsa wodwala mtolo wachiwiri. Anali kuopa matenda, tsopano akuopanso mantha akewo. Mtima ukayamba kuthamanga pakati pa usiku amadziimba mlandu kuti wadziputira yekha, mwinanso kuti chikhulupiriro chake n'chochepa.

N'zoona kuti mantha amakhudza mtima. Munthu akaopa, thupi limatulutsa adrenaline, mtima umagunda mofulumira ndipo magazi amathamanga kwambiri. Koma kodi mantha amachoka chifukwa chowalamula?

Pali maphunziro otchedwa mindfulness amene amayenda njira ina. Jon Kabat-Zinn anawayambitsa mu 1979 pa chipatala cha yunivesite ya Massachusetts ku America, atatengera kasinkhasinkhidwe ka Abuda. Wodwala samuuza kuti aleke kuganiza ayi. Amamuphunzitsa kukhala phee, kumvetsera mpweya wake ukulowa ndi kutuluka, ndipo ganizo loopsa likafika alizindikire, alileke lidutse, osalimbana nalo, osadzidzudzula. Masiku ano munthu amatha kuphunzira zimenezi pa intaneti ali kunyumba kwake.

Mu 2015 madokotala a ku Rotterdam, ku Netherlands, anafalitsa zimene anapeza pa odwala mtima 324. Onse ankalandira chithandizo cha kuchipatala, koma ena anawonjezera maphunzirowa pa intaneti kwa masabata 12. Amene anaphunzirawo ankatha kuyenda kamtunda kotalikirapo pa mphindi 6, ndipo kugunda kwa mtima kunatsika pang'ono. Pa za nkhawa, magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni. Mu 2017 bungwe la American Heart Association linati kusinkhasinkha kungakhale chowonjezera chabe pa chithandizo cha dokotala. Choncho amene muli pa mapiritsi, chonde musasiye.

Tikudziwa kuti ena mwa ife chiyambi cha Chibudacho chiwakayikitsa, ndipo sitikuwatsutsa, ngakhale kwa ife kumvetsera mpweya wako si kupembedza. Chimene chatipatsa manyazi n'china. Anthu aja anaphunzira masabata 12 athunthu, phindu n'kukhala lochepa chotero. Nanga ife timayembekezera bwanji kuti mawu atatu onenera pakhomo potsanzika achotse mantha a munthu amene amagona akumvetsera chifuwa chake? Akalephera timakhala ngati tikumudabwa.

Sabata yatha tinakazonda mayi wina amene miyendo yatupa chifukwa cha mtima. Tinadziletsa kumulangiza, tinangofunsa kuti, "Usiku mukumagona bwanji, mayi?" Anakhala chete kanthawi. Kenaka anatiuza kuti amaopa kutseka maso, ndipo ana ake sanawauzepo poopa kuti amukalipira kuti akuganiza kwambiri.